Bizinesi ya zidindo zosema pamanja: kuchokera pa labala mpaka phukusi kufika kwa mwini wake

Chidindo changa choyamba chogulitsa chinali cha mayi wina wosoka zikwama. Ankafuna dzina la bizinesi yawo pamwamba, nambala ya foni pansi, kaduwa pakati. Ndinasema madzulo onse, mizere inatuluka yosalala, ndinamata labala pa kathabwa n'kudinda papepala, mtima uli m'malo. Nditawatumizira chithunzi, anayankha ndi funso limodzi lokha: "Nambalayi ndi ya ndani?" Ndinali nditasinthanitsa manambala awiri, chifukwa ndinaimva pa uthenga wa mawu ndili pamsewu, n'kuilemba mothamanga kuseri kwa kapepala.

Wogulitsa makapu akalakwitsa oda, kapu amaibwezera pa shelefu, mawa wina aigula. Chidindo cha dzina la munthu chilibe mwini wachiwiri. Chikalakwika, labala wapita, tsiku lapita, ndipo chachiwiri musema ulele. Choncho malangizo onsewa azungulira pa mfundo imodzi: mpeni usakhudze labala zonse zisanatsimikizike.

1. Dziwani amene adzadinde

Ogula zidindo zotere ali m'magulu angapo. Pali a mabizinesi ang'onoang'ono amene amafuna kudinda logo yawo pa matumba a pepala, makatoni ndi timakadi, chifukwa kusindikiza mapaketi ambirimbiri kumawadulira. Pali aphunzitsi ofuna "Wachita bwino" m'makope a ana. Pali okonzekera ukwati, ofuna mayina awiri ndi deti. Palinso okonda mabuku, ofuna dzina lawo pa tsamba loyamba kuti wobwereka achite manyazi. Sankhani magulu awiri muyambe nawo. Ine ndimakonda a mabizinesi, chifukwa iwo amabweranso: lero logo, mwezi wamawa "Zikomo pogula", kenako chidindo chaching'ono cha pa malisiti. Wa ukwati amabwera kamodzi, ndipo amabwera mochedwa.

Pambali pa maoda, semani zidindo zingapo zopanda dzina la munthu: masamba, nyenyezi, mawu othokoza. Izi ndi zimene zimadikira pa shelefu mosawawa mtima, ndipo ndi pamene dzanja limaphunzirira.

2. Gulani zipangizo zochepa, koma zabwino

Mpamba wake si waukulu. Mukufunika labala wosemera wofewa, monga Speedy-Carve wa kampani ya Speedball, wapinki uja, wokhuthala pafupifupi mamilimita 6. Poyeserera, zofufutira zoyera zikuluzikulu za ana a sukulu zimagwira ntchito bwino lomwe. Mukufunika chosemera chokhala ndi timipeni tosinthasintha: pa timipeni ta Speedball, nambala 1 ndi kakamwa kakang'ono kooneka ngati V, ka mizere yopyapyala, nambala 2 ndi V wamkulu, pomwe nambala 5 ndi kotakasuka ngati U, kochotsera malo aakulu. Onjezani kampeni kakuthwa kosongoka, pensulo yofewa ya 2B kapena 4B, pepala lopyapyala loonekera kuseri, timatabwa tosalazidwa ndi sandipepala, guluu wolimba, ndi mapadi a inki awiri, yakuda ndi yowala.

Pa timipeni musaumire. Kampeni kobuntha sikadula labala, kamamukoka, ndipo m'mphepete mwa chilembo mumatsala ngati mwalumidwa ndi khoswe.

3. Phunzirani kusema musanatsegule sitolo

Jambulani kapena sindikizani chithunzi mu kukula kwenikweni kwa chidindo. Ikani pepala loonekera pamwamba, tsatirani mizere ndi pensulo yofewa. Kenako gadabuzani pepalalo, mbali ya pensulo igone pa labala, ndipo tikitani kuseri ndi chikhadabo kapena kumsana kwa supuni. Mukanyamula, chithunzi chatsala pa labala chotembenuka, monga mawu amaonekera pa kalilole. Umu ndi mmene chiyenera kukhalira. Ngati mawu mukuwawerenga bwinobwino pa labala, imani, chifukwa papepala adzatuluka otembenuka. Zilembo N, S ndi Z ndi zimene zimanamiza kwambiri, diso limazolowera n'kuona ngati zili bwino.

Musanaseme, gunditsani labala pang'ono pa padi ya inki yowala, aume. Mtundu umenewo umakuthandizani kuona pamene mwadula kale ndi pamene simunafike.

Yambani ndi V wamng'ono, kuzungulira m'mphepete mwa mzere uliwonse. Apa pali zinthu ziwiri zimene ndinachedwa kuzimvetsa. Choyamba, pokhota musapinde dzanja logwira mpeni; mpeni uziyenda molunjika, labala ndiye muzimuzunguza ndi dzanja linalo. Ikani kapepala pansi pake kuti azitsetsereka pa tebulo. Chachiwiri, dulani mopendekera kunja, kuti chilembo chikhale ngati chulu, chotakata pansi, chochepa pamwamba. Mukadula molowa pansi pa chilembo, chimakhala ngati bowa wa tsinde lowonda: chimadinda bwino masiku oyamba, kenako mwendo wa R kapena kadontho ka i kamathothoka kali kwa kasitomala. Kuya kwa mamilimita awiri kapena atatu n'kokwanira. Zala za dzanja logwira labala zikhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse.

Mukatha m'mphepete, chotsani malo otsala ndi U, dulani labala wapambali ndi kampeni kosongoka, ndiye dindani papepala loyeserera. Muona timizere tosafunika m'malo ena. Konzani, dindaninso, konzaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchotsa kumatheka nthawi iliyonse, koma chimene mwachotsa simungachibwezere, choncho dulani pang'onopang'ono.

Pomata pa kathabwa, dindani kaye chithunzi pamwamba pa thabwalo labala asanamatidwe, kuti mwini wake azidziwa kumutu ndi kumiyendo. Onetsetsani kuti labala ndi chithunzi cha pamwambacho zaloza mbali imodzi. Chidindo chachikulu chimafuna kasiponji kopyapyala pakati pa thabwa ndi labala, apo ayi pakati pamatuluka mbuu.

Semani zidindo makumi awiri kapena atatu musanalandire ndalama ya munthu. Mukatero mudzadziwa malire a dzanja lanu. Ine chilembo chochepera mamilimita 5 m'litali sindisema, ndipo kasitomala ndimamuuziratu.

4. Inki muidziwe kuposa kasitomala

Madandaulo ambiri amene mudzalandire sadzakhala a kasemedwe, adzakhala a inki. Munthu adinda pa paketi yonyezimira ndi inki wamba, apukuta ndi chala, zonse zafufutika, ndiye akulemberani kuti chidindo chanu n'chabodza.

Pali inki yamadzimadzi yolowa m'pepala, monga Memento, imene imauma msanga ndipo ndi yabwino pa pepala wamba. Pali yokhuthala yokhala pamwamba pa pepala, monga VersaFine, imene imatulutsa mizere yopyapyala bwino kwambiri. Pa pulasitiki, galasi, chitsulo ndi mapepala onyezimira pamafunika inki ngati StazOn, youma pouluka. Pa nsalu pali VersaCraft, imene imafuna kusitidwa ndi simbi ikauma kuti isachoke pochapa. Choncho funso lakuti "mudzadinda pa chiyani?" likhale pakati pa mafunso anu oyambirira.

5. Njira yolandirira oda

Gawo ili ndi limene limasunga bizinesi. Khalani ndi mndandanda umodzi wa mafunso, womwewomwewo kwa aliyense, wosungidwa m'foni kuti muzingotumiza: mawu enieni oti asemedwe, kukula m'masentimita, chozungulira kapena cha makona anayi, adzadinda pa chiyani, akuchifuna liti, chipite kuti.

Mawu onse abwere olembedwa ndi kasitomala mwini. Uthenga wa mawu ndimaumvetsera, ndimathokoza, kenako ndimati, "Chonde mundilembere dzinalo ndi nambalayo monga mukufunira kuti zioneke." Ndipo musalembenso ndi dzanja lanu, koperani kuchokera pa uthenga wake. Mayina ali ndi misampha: wina amalemba ndi l, wina ndi r, wina ali ndi h amene samveka potchula. Musakonze dzina la munthu poganiza kuti walakwitsa. Funsani.

Za kukula, anthu ambiri sadziwa kuti masentimita 4 ndi kanthu kotani. Amaona logo yawo itadzaza foni yonse n'kuganiza kuti idzaoneka chimodzimodzi. Muwauze atenge rula, ajambule bokosilo papepala, aliike pa thumba lawo. Mphindi ziwiri zimenezo zimaletsa mkangano wa sabata.

Logo zambiri zinapangidwa pa kompyuta, zili ndi mitundu, mithunzi ndi timizere ngati tsitsi. Chidindo chimadziwa zinthu ziwiri zokha: pali inki, palibe inki. Muyenera kuijambulanso logoyo mu zakuda ndi zoyera, kunenepetsa mizere yowonda, kuchotsa zimene sizingasemeke. Kasitomala aone zimenezi musanaseme, osati mutasema.

Ndiye tumizani chitsanzo: chithunzi cha mmene chidindo chidzaonekere papepala, kukula kwake kutalembedwa pambali. Pansi pake lembani mawu ngati awa: "Onani chilembo chilichonse ndi nambala iliyonse. Mukayankha kuti NDAVOMEREZA, ndisema monga chililimu, ndipo sichidzasinthikanso." Kachizindikiro ka chala chachikulu si yankho. "Chabwino" wa munthu amene ali pa minibasi si yankho. Dikirani liwulo, ndipo sungani uthengawo. Nenaninso poyambirira kuti kusintha chitsanzo ulele ndi kawiri, kupitirira apo n'kolipira, chifukwa alipo anthu amene amafunsa mkazi, mlamu ndi mnansi, aliyense n'kubwera ndi maganizo ake.

Ndalama ilowe mpeni usanayambe. Pa zidindo zazing'ono, yonse. Pa oda yaikulu, theka. Poyamba ndinkachita manyazi kunena zimenezi, mpaka kabati yanga inadzaza ndi mayina a anthu amene foni zawo zinasiya kuyankhidwa. Lembani poonekera kuti chidindo cha dzina sichibwezedwa, pokhapokha cholakwa chili chanu. Chikakhala chanu, musakangane: pepesani, semani china, mutumize pa ndalama yanu. Mayi wa zikwama uja ndinawasemeranso usiku womwewo, ndipo pambuyo pake anaitanitsa zina zitatu.

6. Maoda oyenera kukana

Tsiku lina adzabwera munthu waulemu kwambiri, ndi chithunzi cha chidindo cha sukulu, chipatala, banki, dokotala kapena ofesi ya boma, akuti chakale chinatayika ndipo akuchifuna lero lomwe, mtengo si vuto. Kanani. Chidindo chotere chimathera pa satifiketi yabodza kapena kalata yabodza, ndipo apolisi akafufuza, amafika kwa amene anachisema. Ngati bungwe likufunadi chidindo, libweretse kalata yake yosainidwa ndi mkulu wake, ndipo inu muimbe foni pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani wobwerayo. Chimodzimodzi siginecha: semani ya amene akulankhula nanu yekha, mutatsimikiza kuti ndi iyeyo.

Kanani kusema zidole za m'makatuni otchuka, zizindikiro za matimu a mpira ndi logo za makampani ena kuti mugulitse. Zili ndi eni ake, ndipo masamba ogulitsira amachotsa katundu, nthawi zina kutseka sitolo, mwini wake akadandaula. Kalembedwe ka zilembo nakonso kali ndi eni: zambiri zimene mumatsitsa ulele pa intaneti n'zololedwa pa ntchito zanu zokha, osati za malonda. Za pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti la kalembedwe ka zilembo, ndi zololedwa pa malonda, yambirani kumeneko.

7. Kuika mtengo

Labala ndi wotchipa. Chodula ndi nthawi yanu, ndipo ndi imene oyamba kumene amaiwala. Tengani wotchi, yesani zidindo zisanu kuyambira uthenga woyamba mpaka phukusi kutsekedwa. Mudzadabwa kuona kuti kusema kwatenga mphindi 40, koma kucheza, kujambulanso logo, kusintha chitsanzo ndi kulongedza zatenga ola lathunthu. Zonsezo zilowe mu mtengo, pamodzi ndi thabwa, guluu, timipeni tobuntha, data, zolongedzera, ndalama yodulidwa polandira malipiro, ndi kagawo kolipirira zidindo zimene mudzawononge, chifukwa mudzawononga ndithu.

Musaike mtengo pa kukula kokha. Mtima waukulu wopanda mawu umatha m'mphindi khumi. Kachidindo kakang'ono ka adiresi ya mizere itatu kamadya madzulo onse ndi maso omwe. Khalani ndi masaizi atatu, ndipo pa saizi iliyonse mitengo iwiri, wa chosavuta ndi wa cha zilembo zambiri. Wofuna mwachangu alipire zachanguzo. Zidindo zopangidwa ndi makina zidzakhala zotchipa kuposa zanu nthawi zonse, musapikisane nazo. Amene akubwera kwa inu akufuna mzere wa dzanja, wosafanana ndi wa wina.

Ndalama ya bizinesi ikhale payokha, ndipo mukhale ndi kope kapena tebulo la pa kompyuta: deti, dzina, saizi, walipira, wavomereza, chatumizidwa. Funsaninso malamulo a kwanuko pa zolembetsa bizinesi ndi msonkho malonda asanakule.

8. Zithunzi ndi malo ogulitsira

Pa intaneti munthu sagwira katundu, amagula chithunzi. Jambulani masana pafupi ndi windo, pa pepala loyera kapena thabwa, popanda fulashi. Chithunzi chilichonse chionetse chidindo ndi chimene chadinda, zili pamodzi, ndipo china chionetse chidindo chili m'dzanja kuti kukula kudziwike. Onetsani chitadindidwa pa thumba lenileni, kuti wa bizinesi aone thumba lake m'maganizo. Kavidiyo ka masekondi 20 ka mpeni ukusenda kachingwe ka labala, kenako chidindo chikunyamulidwa papepala, kamakoka anthu kuposa malonda aliwonse olembedwa. Koma walira mvula walira matope: kavidiyo kakafala, maoda amabwera ambiri kuposa manja anu. Dziwiranitu kuti pa sabata mumakwanitsa zingati, zikakwana lengezani kuti mndandanda wadzaza.

Musaike pa tsamba lanu chidindo cha adiresi kapena nambala ya foni ya munthu popanda chilolezo chake. Zoonetsera semani ndi mayina opeka.

Poyambira pabwino ndi Instagram kapena Facebook poonetsa ntchito, ndi WhatsApp Business polandira maoda, chifukwa ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo, mayankho osungiratu, ndi zizindikiro zosiyanitsa amene walipira ndi amene akudikira. Etsy, msika wa zopangidwa pamanja umene unayamba mu 2005, uli ndi ogula ochokera m'mayiko ambiri, koma umalipiritsa pa katundu aliyense amene mwaika, kwa miyezi inayi, ndipo kuyambira mu 2022 umadula 6.5 peresenti pa malonda alionse, kuphatikizapo ndalama yotumizira, ndipo palinso zodula zina za malipiro. Salandira ogulitsa atsopano ochokera m'mayiko ena, choncho onani kaye ngati lanu lili pa mndandanda musanataye sabata mukukonza sitolo.

9. Kulongedza ndi kutumiza

Tsukani chidindo ndi kansalu konyowa pang'ono, chiume. Dindani pa kakadi kabwino kamodzi, muike m'phukusi, kakadi kena kodindidwa musunge m'buku lanu pamodzi ndi pepala loonekera lija. Kasitomala akataya chidindo chake, kusemanso kumakhala kwachangu.

Kulungani ndi pepala, osati pulasitiki. Labala wofewa wa mtundu wa zofufutira akakhalitsa atagundana ndi mapulasitiki ena olimba, amamatirira n'kusungunula pamene wakhudza, monga chofufutira chimachitira chikaiwalika pa rula m'chikwama. Kumaso kwa chidindo ikani kakatoni kolimba, ndiye m'kabokosi kosalola kugwedezeka. Envulopu yokha siteteza zilembo ku katundu wolemera amene adzasanjikidwe pamwamba.

Ikanimo kapepala ka malangizo, mizere inayi basi: gunditsani padi ya inki pa chidindo mopepuka kangapo m'malo mochikanikiza, dindani pa malo osalala ndi olimba, molunjika, osagwedeza, pukutani ndi kansalu konyowa, osachiviika m'madzi kapena kuchikwecha, sungani kutali ndi dzuwa ndi kutentha. Tumizani pa njira yokhala ndi nambala yolondolera phukusi, ndipo nambalayo mupatseni kasitomala tsiku lomwelo. Pa masiku, lonjezani ochuluka kuposa amene mukufunadi: ngati mumatha m'masiku atatu, nenani asanu.

10. Maoda akaposa manja

Idzafika nthawi pamene wina adzafuna zidindo makumi asanu zofanana, kapena zilembo zazing'ono zimene mpeni sungathe. Pali njira ziwiri. Ina ndi ya utomoni wamadzi wouma ndi kuwala kwa UV: mumasindikiza chithunzi pa pulasitiki yoonekera, zakuda ndi zoyera zitasinthana, mumaiika pa utomoniwo, kuwala kumaulimbitsa pamene kwadutsa, zotsala mumatsuka ndi madzi a sopo. Ina ndi makina a leza, amene amawotcha labala motsatira chithunzi cha pa kompyuta. Pa leza samalani: gwiritsani labala wopangidwira leza yekha. Zosemera zofewa zambiri ndi zofufutira zili ndi PVC, mtundu wa pulasitiki, imene ikawotchedwa imatulutsa mpweya wa klorini woononga mapapo ndi makina omwe.

Musathamangire kugula makina. Pezani kaye amene ali nawo, mumulipire pa maoda ochepa oterowo, muone ngati akubwera mwezi ndi mwezi. Ndipo zopangidwa ndi makina muzilembe kuti ndi za makina, pa mndandanda wawokha ndi mtengo wawokha, kuti amene walipira chosema pamanja alandire chimene mpeni wanu unadutsamo.